Mudzatopa Wayambanso Kudzikanda

Lolemba, 14 Seputembala

M'mawa

Wayambanso. Ndikumwa tiyi pakhonde, Mudzatopa ali pamapazi anga, mwendo wakumbuyo uli pantchito ngati dzanja la woimba banjo. Pamimba pafiira, m'khwapa mwafiira, pansi pa chibwano payamba kusupuka. Ubweya wina wagwera m'kapu mwanga. Ndauvuula ndi chala, tiyi ndamwa. Shuga sitingataye chifukwa cha galu.

Galu ameneyu ndinamutola ali kamwana m'ngalande ya ku msika wa Ndirande. Dzina ndinamupatsa poganizira anthu a mu layini muno, amene nkhani za eni ndizo ndiwo zawo. Ndikamabwera kuchokera ku ntchito ku Limbe, pakhomo pano ndi iye yekha amene amaimirira kundilandira. Ena onse amangofunsa ali chikhalire ngati ndagula ndiwo.

Tsoka lake ndi ili. Loweruka likubwerali Eni Dziko adutsa mumsewu wathu uno popita ku msonkhano. A Makwinja, tcheyamani wa nthambi yathu ya chipani, dzulo anayenda khomo ndi khomo: udzu ulambulidwe, miyala ipakidwe laimu, makonde awale, amayi asajombe kokonzekera magule. Ndipo galu aliyense wooneka wodwala, anyamata a chipani adzamutenga Lachisanu kuti asachititse dera manyazi. Agalu otengedwa ndi anyamata amenewo sabwerako, ngakhale mchira wokha.

Ponena za agaluzo, a Makwinja amayang'ana Mudzatopa. Iwo eni khosi lonse ndi zikanga zokhazokha, koma sindinamve kuti Lachisanu adzatengedwa.

Masana, ku ofesi

Ndaganiza. Ndimuchiza ndekha, pofika Lachinayi akhale atasalala. Kwa vetenale sindipitanso. Mu Julaye ndinakaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka, mnyamata wa jasi loyera n'kuyamba wandifunsa khadi la chipani asanayang'ane n'komwe galu, kenako akuti mankhwala anatha, kamusambitseni. Sukulu yonse ija kuti adzandiphunzitse kusamba!

Zofunika:
masamba a nimu
sopo
beseni
kusamvera munthu aliyense wa mu layini muno

Madzulo

Mtengo wa nimu uli kwa Che Saidi, telala wa nyumba yoyandikana nafe. Masamba andipatsira pamwamba pa mpanda, maso ali pa galu. Iwo galu samukhudza, chipembedzo sichilola, koma malangizo a agalu ndiye ali nawo odzaza dengu. "Muwiritse mpaka madzi ade ngati tiyi wopanda mkaka, achimwene. Ndipo mnzanuyo aime kutali ndi nsalu zanga."

Ndawiritsa. Ndamusambitsa m'beseni lochapira. Mayi a Esnati, akazi anga, akuti kuyambira lero malaya anga azichapidwa momwemo, zovala zawo apezera pena. Mudzatopa wapulumuka m'manja mwanga, wakagubuduzika pafumbi, n'kubwera kudzadzikutumula pakati penipeni pa khonde.

Khonde lake limene mayi a Esnati angomaliza kumene kupolisha. Polishi amaphika okha m'chitini: makandulo, palafini ndi utoto wofiira wa ufa. Amayi a komiti akuyendera khonde lililonse, akumapititsa chala pansi n'kuchiyang'ana ngati madokotala. Ndiye agwadanso, apakanso. Sakundiyankhula.

Lachiwiri, 15 Seputembala

M'mawa

Nimu wagwira ntchito imodzi yokha: galu akununkha nimu. Wagona pakhonde pake monga mwa masiku onse, wadzuka pamimba pali ngati pathiridwa tsabola.

A Nyirenda a nyumba yachitatu, amene amagwira ntchito ku maofesi a boma ndipo amavala tayi ngakhale pothirira maluwa, aima pa mpanda. Galu akumuyang'anira pamwamba pa magalasi. "Iyi ndi alaji, bambo a Esnati. Thupi likukana chinthu china chake. Tiyambe ndi chakudya. Mumamupatsa chiyani?" Ndawauza kuti mitu ya usipa ndi mkute. Apukusa mutu ngati ndanena kuti ndimamudyetsa misomali. Akuti usipa ausiye, azidya phala la mgaiwa lopanda mchere.

Munthu alibe ngakhale mphaka! Komabe ndiyesa, kuti zikakanika ndidzawaseke ndi umboni.

Madzulo

Phala Mudzatopa walinunkhiza, wandiyang'ana, wachoka. Posakhalitsa kwa a Nyirenda kwamveka phokoso: chambo chimene mayi Nyirenda anasiya pathandala chasowa. Galu wabwera akunyambita milomo. Ine ndili kalikiliki kuwerenga nyuzi ya sabata yatha. Usipa wausiyadi, malangizo atsatidwa.

Pochokera ku ntchito ndinagula mafuta a nsatsi kwa mayi wina pa msika wa Limbe, m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Akuti kwawo amadzoza ana a mphere, mawa lake khungu lili see. Ndamupaka pamimba, m'khwapa ndi pachibwano. Wawala ngati chitumbuwa.

Zimene mayi uja sananene:
kuti galu ali ndi lilime
kuti lilimelo limafika pamimba
kuti mafuta a nsatsi akalowa m'mimba satulukamo okha

Zimene zachitika pakhonde sindilemba. Ndingoti mayi a Esnati akolopa ndi madzi otentha, atereka chitini pamoto, apaka polishi wokhuthala kuposa wa dzulo. Mau okhawo amene andiuza lero ndi akuti, "Mukanakwatira galuyo."

Lachitatu, 16 Seputembala

M'mawa

Galu wafooka, koma mwendo wokandira uli ndi mphamvu zake zonse. Pamimba patuluka tizilonda, ndipo ntchentche zayamba kuchita msonkhano. A Makwinja adutsa pa njinga, aliza belu, aloza galu ndi mlomo. Moni sanapereke.

Masana, ku ofesi

Ndalakwa kufotokoza. Ofesi yonse ya malisiti yasanduka chipatala.

Dalaivala akuti oyilo wakuda wa lole.
Mesenjala akuti mkodzo wa m'mawa, koma ukhale wa mwini galu.
Mayi wotaipa akuti galuyo analodzedwa, ndifufuze amene ndinakangana naye. Ndiye kuti layini yonse.
Bwana akuti ndimalize mafaelo.

Anthu amenewa ena a iwo anafika fomu folo.

Madzulo

Ndapeza alamu anga a Bonongwe, achimwene awo a mayi a Esnati, atakhala pampando wanga. Amaumba njerwa ku Machinjiri, kuseri kwa phiri. Munthu woumba njerwa, koma nyumba yake ilibe simenti, ilibe khonde, chitseko ndi mgolo wophwanyidwa. Ayang'ana galu, aseka. "Alamu, tandipatsani ameneyu akandilondere njerwa. Kuno mukumusunga ngati mzungu."

Ndawayankha kuti galu wanga anazolowera pa simenti, sangakagone padothi ngati nkhumba. Asekanso, amwa tiyi wanga, ndipo potsanzika asiya nzeru yawo: fodya wa chingambwe, kumunyika m'madzi, kuthiramo phulusa, kumusisita nazo thupi lonse. Akuti mbuzi za kwawo nkhupakupa siziziyandikira.

Ndawaseka mumtima mpaka atakhota pa ngodya. Atangokhota ndathamangira kwa wogulitsa fodya.

Mbuzi si galu. Nditangomaliza kumusisita, Mudzatopa wayamba kudzandira ngati wochokera ku kachasu, dovu lili chuchuchu kukamwa. Waloza kumsewu. Nthawi yake yomweyo amayi a dera lonse akuchokera kokonzekera magule, nsalu za chipani zili mbuu, akuimba. Wina wangokuwa kuti, "Chiwewe!" ndipo nyimbo yathera pomwepo. Amayi amene amati maondo amawavuta pogwada m'tchalitchi ndawaona akulumpha ngalande. Mkulu wa komiti wasiya nsapato imodzi pamsewu.

Ndamunyamula ngati mwana, ndamugoneka pakhonde, ndamukhuthulira madzi onse a mumgolo. Apa ndiye sindikuseka. Ndachita mantha enieni, ndimayesa ndamupha ndi manja anga omwe. Dzuwa likulowa wadzutsa mutu, wamwa madzi, wagwedeza mchira pang'ono. Ndakhala naye pomwepo mpaka mtima wanga utabwerera m'malo.

Khonde lasanduka dambo la fodya ndi phulusa. Chitini chakweranso pamoto. Mayi a Esnati, amene anali m'gulu lothawa lija, akuti anathawa nawo dala kuti anthu asadziwe kuti galuyo ndi wa kwawo.

Lachinayi, 17 Seputembala

M'mawa

Lero ndilo tsiku limene ndinati akhale atasalala. Wasalaladi: pamimba palibenso ubweya.

Za masamba ndazisiya. Ndagula jivi pa grosale, mankhwala ofiirira aja opaka ana pa zilonda za m'kamwa. Ndimati ndingodontheza pa tizilonda tokha, koma galu wagwedezeka, botolo lapendama. Tsopano ndili ndi galu wa mtundu wa maluwa a jakaranda. Manja anga nawonso. Ku ofesi ndigwira malisiti ndi zala ziwiri.

Che Saidi asuzumira pa mpanda, ayang'ana galu, kenako afunsa ngati ndingawauzeko dzina la utotowo, ali ndi kasitomala wofuna diresi la mtundu womwewo.

Madzulo

Ndachita chinthu chopusa kuposa zonse za sabata ino, ndipo sindinachitire galu, ndadzichitira ndekha.

Pochokera ku ntchito ndaima pa bawo, pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi grosale. A Makwinja akusewera, anthu azungulira. A Nyirenda, amene za chambo sanazindikirebe, andifunsa za wodwala. Akuti alaji iliyonse ili ndi nyengo yake, kodi zimayamba liti? Ine, wanzeru ine, ndayamba kukumbukira mokweza. Mu Julaye, sabata ya zikondwerero ija. Mu Meyi, pamene amayi ankakavina ku sitediyamu. Chaka chatha, pamene tinapaka miyala laimu mpaka ku mlatho. Ndiye pakamwa panga patuluka mau awa, pamaso pa anthu, dzuwa likuwala:

"Ndiye kuti galu ameneyu amayabwidwa Eni Dziko akamabwera basi."

Nkhomo za bawo zaima m'manja mwa a Makwinja. A Nyirenda ayang'ana wotchi, akumbukira kuti anasiya mpopi ukutuluka madzi. Wa grosale wakweza wailesi. Munthu wina amene sindimudziwa, amene amawerenga nyuzi pa benchi, waipinda bwinobwino n'kundiyang'ana nsapato mpaka chipewa. Ndayesa kuseka, ndaseka ndekha.

A Makwinja angoti, "Tikupezani mawa, bambo a Esnati," n'kupitiriza kutaya nkhomo.

M'dziko muno anthu apita osabwerako chifukwa cha mau ochepa kuposa amenewa. Ndanyamuka, ndalunjika kunyumba.

Ndafika, Mudzatopa waimirira, wandilandira, wabwerera pamalo pake. Wagona chafufumimba, miyendo tambalale, chibwano pansi. Ndaima n'kumuyang'ana ngati ndikumuona koyamba. Mimba ili pa khonde. M'khwapa muli pa khonde. Chibwano chili pa khonde. Kumsana, kumene sikukhudza pansi, ubweya uli bwinobwino, kupatula jivi.

Masiku wamba mayi a Esnati khonde amangokolopa ndi madzi. Chitini cha palafini chija chimakwera pamoto pokhapokha kukamveka kuti Eni Dziko akubwera. Mu Meyi. Mu Julaye. Sabata ino tsiku ndi tsiku, ndipo wochititsa ndine, chifukwa mankhwala anga onse amathera pakhonde pomwepo.

Polishi!

Ndathamangira ku khitchini ndi nkhani yanga ngati ndatola golide. Mayi a Esnati amvetsera akusenda anyezi. Za pa bawo zinawapeza kale, ine ndisanafike. "Chabwino, adokotala. Ndiye mukawauze a Makwinja kuti khonde lino lokha mu layini muno lisawale, chifukwa galu wakana."

Galu ndamugoneka pa chiguduli kuseri kwa nyumba. Wabwerera pakhonde. Ndamubwezanso. Wabwereranso. Ndinanena ndekha kuti anazolowera pa simenti.

Lachisanu, 18 Seputembala

M'mawa

Afika ndisananyamuke: a Makwinja ndi anyamata awiri a malaya ofiira, wina atanyamula chingwe. Mudzatopa ndinamutsekera kale m'bafa ya malata kuseri. Ndawapatsa mipando pakhonde, ine ndakhala pa kampando ka ana.

Andiuza kuti ndibwereze zija ndinanena dzulo. Ndafotokoza za makandulo, palafini ndi utoto wofiira, manja ndawapinda, ulemu wake umene sindinawapatsepo ngakhale apongozi anga. Ndimayesa ndamasuka.

A Makwinja akanda khosi lawo pang'onopang'ono. "Ndiye mukutiuza kuti polishi amene amayi athu akupaka polemekeza Eni Dziko ndi poizoni?"

Ndati ayi, ayi ndithu, polishi ndi wabwino kwambiri.

"Ngati polishi ndi wabwino, nanga galu wanuyo akudana ndi chiyani?"

Ndawerama. Khonde lawala mwakuti nkhope yanga ndikuionera pansi, ndipo sikuoneka ngati ya munthu wanzeru.

Pamenepo kuseri kwayamba kumveka: gu, gu, gu, gu. Mwendo uja ukumenya malata a bafa. Mnyamata wa chingwe watembenuka. Mwadzidzidzi kwa Che Saidi makina osokera abuma, ali pafupi ndi mpanda penipeni, akupondedwa ngati njinga yotsika phiri, wailesi nayo ili pamwamba. Munthu amene Lachisanu m'mawa sasoka, amakonzekera ku mzikiti! Ndasuzumira: akusoka kansanza kopanda ntchito, nkhope ili phee.

Mayi a Esnati atulukira ndi tiyi, agwada, aika thireyi. "Galu uja, bambo tcheya, tinamupereka kwa achimwene ku Machinjiri. Za dzulo zija muwakhululukire bambo a Esnati, akachoka ku ntchito osadya mutu sumakhala pamalo."

Zaka zonsezi ndili nawo, sindinadziwe kuti amatha kunama mosalala chonchi. Ndawanyadira, ndipo ndayamba kukayikira zinthu zina zambiri zimene anandiuzapo.

A Makwinja amwa tiyi, adya zitumbuwa zonse, anyamata osawagawira. Poimirira akuti adutsanso dzuwa likamalowa. "Tikapeza galu, titenga galu ndi mwini wake. Ndipo mawa mukaime kutsogolo ndi mbendera, pamene ndingakuoneni."

Masana

Ku ofesi ndatumiza uthenga kuti ndadwala malungo. Bodza la mayi a Esnati liyenera kusanduka zoona dzuwa lisanalowe, ndipo wolisandutsa ndine, wapansi.

Mumsewu sitingadzere, muli mbendera ndi malaya ofiira pena paliponse. Tadzera njira ya m'phiri, m'mabulugamu, ine kutsogolo, galu wofiirira pambuyo. Akumaima pafupipafupi kuti akande, ine n'kumadikira ngati wantchito wake. Amayi otola nkhuni ationa, mmodzi watula mtolo pansi kuti aseke bwino.

Alamu tawapeza ali m'dothi mpaka m'maondo, akuponda. Atiyang'ana tonse awiri. Ndimayembekeza chipongwe chachitali, ndinali nditakonza kale mayankho m'njira. Iwo angofunsa mau awiri: "Padothi agona?"

Ndati agona.

Ndamumanga pansi pa mtengo wa mpoza, ndawauza kuti asamupake kanthu kalikonse, makamaka fodya. Ndibwera Lamulungu kudzamutenga, ndatero. Pochoka walira, wakoka chingwe mpaka kutsamwa. Sindinacheuke, chifukwa alamu amandiyang'ana.

Madzulo

A Makwinja adutsadi. Asuzumira m'bafa, m'khola la nkhuku, ngakhale pansi pa bedi. Apeza ubweya wofiirira wokha. Kwa mayi wamasiye wa kumapeto kwa layini, anyamata atenga galu wake wokalamba amene mlandu wake unali kutsimphina. Mayiyo wawatsatira mpaka kumsewu akuwapempha.

Ndapita kukathokoza Che Saidi. Akuti sakudziwa chimene ndikunena, iwo amangoyesa singano yatsopano.

Loweruka, 19 Seputembala

Tili pamsewu kuyambira mame asanaume. Sitolo zatsekedwa, msika watsekedwa, ana a sukulu andandalitsidwa ngati mabotolo. Ine kutsogolo, kambendera m'dzanja lofiirira, a Makwinja ali kuseri kwanga, mpweya wawo ukundifika pakhosi. A Nyirenda aima patali, tayi ili pakhosi, sakundidziwa.

Dzuwa lakwera. Amayi aimba nyimbo zonse, azibwereza, mau asasa. Mwana wina wakomoka. Wapolisi akadutsa pa njinga yamoto tonse tikuwomba m'manja, kenako n'kuzindikira kuti akungopita kokodza.

Dzuwa litapendeka, afika. Masaireni, njinga zamoto, magalimoto akuda, mawindo otseka. Ndakupiza mbendera ngati ndikuthamangitsa njuchi, ndafuula mpaka kukhosi kuwawa, kuposa aliyense mu layini muno. Ndisanamalize kufuula, adutsa kale.

Zimene Eni Dziko aona mu Ndirande lero:
sindikudziwa, galasi linali lakuda

Zimene asiya:
fumbi, pa miyala ya laimu, pa nsalu za amayi, ndi pa khonde lililonse

A Makwinja andigwira paphewa, akuti ndaonetsa mtima wabwino, nkhani ija aiiwala pakali pano. Mau akuti pakali pano awanena pang'onopang'ono kuti ndiwamve. Awonjeza kuti tisataye laimu wotsala, chifukwa mwezi wamawa Eni Dziko adutsanso, ndipo dera lathu layamikiridwa, tsopano amayi a komiti aziyendera makonde sabata iliyonse.

Mayi a Esnati afika kunyumba mapazi atatupa, ayang'ana fumbi la pakhonde, atenga chitini.

Lamulungu, 20 Seputembala

Titaweruka ku tchalitchi ndakwera phiri, chingwe chili m'thumba.

Ndamupeza pansi pa mpoza, alamu anamumasula kale, wagona padothi chafufumimba, chibwano pansi. Ndaima patali kudikira kuti mwendo uyambe. Sunayambe. Pamimba pazilala, tizilonda tayamba kuuma, ntchentche zasamuka. Ndafunsa alamu chimene amupaka. Akuti palibe, munatiletsa, timangomupatsa mitu ya usipa ndi mkute. Akunena zimenezi akuoneka ngati munthu amene watulukira mankhwala a khate.

Nimu, nsatsi, fodya, jivi, malungo abodza, ulemu wanga wonse pa bawo. Mankhwala ake anali dothi la kwa alamu anga, limene ndinati n'la nkhumba.

Mudzatopa atamva mau anga wadzuka, wandilumphira, wandidetsa buluku la ku tchalitchi. Ndamusiya adetse. Ndakhala naye pansi pa mtengo, dzanja lili pamutu pake, ndikuwerengera. Khonde lizipakidwa sabata iliyonse. Kulisiya sitingathe. Kunena chifukwa chake ndinayesa kale, ndikudziwa kumene kumathera. Kumumanga kuseri kwa nyumba moyo wake wonse sikungatheke, a Makwinja akudziwa kuti tinamupereka, ndipo bafa anaiona.

Chingwe sindinachitulutse m'thumba.

Ndawauza alamu kuti akhale naye pang'ono, mpaka zinthu zitasintha. Afunsa kuti zinthu ziti. Ndati nyengo. Tonse tayang'ana kumbali.

Pochoka Mudzatopa wanditsatira. Ndamuuza kuti abwerere, wagwedeza mchira. Ndamukalipira, wakhala pansi, ndikangoyenda iye n'kudzukanso. Tafika mpaka poyambira mabulugamu. Pamenepo ndatola chibuma, ndamugenda. Sindinaphonye. Galu amene ndinamutola m'ngalande ndi manja anga, ndamugenda ngati wakuba. Sanalire, wangoima n'kundiyang'ana, kenako watembenuka. Zandipweteka kwambiri, ndipo m'mabulugamu munalibe munthu woti ndimuchitire manyazi.

Madzulo

Khonde likuwala kuposa la aliyense mu layini muno. Amayi a komiti adutsa, apititsa chala, ayamikira. Ndafika pageti, palibe amene waimirira. Mayi a Esnati afunsa ali chikhalire ngati ndagulako ndiwo m'njira, kenako aona chingwe chikusuzumira m'thumba, sanafunsenso. Andibweretsera tiyi osawapempha, shuga wambiri.

Buluku lakuda lija ndavula, ndavala kabudula chifukwa kukutentha. Mpando uli m'nyumba, ulesi wokautenga. Ndakhala pansi, pamalo pake paja, msana ku khoma.

Kuseri kwa ntchafu kwayamba kuyabwa. Ndikukanda mwakachetechete, ndipo aliyense akafunsa ndimuuza kuti ndi udzudzu.